Zidole Zachitini za Kunja ndi Galimoto Zawaya za ku Chiradzulu

Kumaiko a ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuli anthu akuluakulu, ena a imvi zawo, amene amathera nthawi ndi ndalama pofunafuna zidole zakale za ana. Zimene amazikonda kwambiri ndi zija zachitini zoyendera kiyi. Munthu amapukusa kiyi kangapo n'kuika chidolecho pansi, ndipo kagalimoto kamathamanga kokha, kambalame kamajompha, kapena kamunthu kamaimba ng'oma kufikira mphamvu itatha. Zambiri mwa zidolezi zidapangidwa pakati pa 1880 ndi 1970. Pa masiku amenewo zinali zotsika mtengo, zogulira mwana pa Khrisimasi. Lero zina zimagulitsidwa pa okushoni monga momwe fodya amagulitsidwira ku Limbe, ndipo chidole chimodzi chosowa chingathe kugulidwa ndalama zokwanira kumangira nyumba ya njerwa zootcha.

Munthu wa ku Namitambo kapena ku Mbulumbuzi atamva zimenezi akhoza kuseka, n'kunena kuti awa ndi masewera a anthu okhuta. Komatu nkhaniyi ikumukhudza, pakuti boma la Chiradzulu nalonso lili ndi zidole zake zachitsulo. Zimenezi ndi galimoto zawaya zimene anyamata amapanga ndi manja awo, n'kumaziyendetsa m'mphepete mwa msewu wa ku Zomba ndi m'tinjira ta m'mudzi. Luso limene lili m'galimoto zimenezi silochepa ayi. Kusiyana kwake kwagona apa: chidole cha ku Germany chidapeza munthu wochisunga pamodzi ndi dzina la wochipanga ndi chaka chake, pamene galimoto yawaya imathera kudzala mwini wake akangoyamba kumera ndevu. Chinthu chimasanduka mbiri pokhapokha wina atachisunga ndi kulemba za icho.

MPHAMVU YOBISIKA M'KATI

Pofuna kumvetsa chimene anthu amakondera zidolezi, ndi bwino kuyamba n'kuona m'kati mwake. Mumakhala kalamba kachitsulo kopyapyala, kozengeredwa ngati nkhata ya pamutu. Kalamba kameneka ndiko sipuling'i. Munthu akamapukusa kiyi amakhala akukunga sipuling'iyo, ndipo mphamvu ya zala zake imasungika m'menemo monga momwe mphamvu ya mkono imasungikira mu uta wokungidwa. Pali kachitsulo kena kamene kamakola mano a gudumu kuti kiyi asabwerere m'mbuyo. Phokoso lija loti ke-ke-ke limene limamveka popukusa limachokera pamenepo.

Sipuling'i ikamamasuka imazungulitsa gudumu lalikulu la mano, ndipo ilo limazungulitsa laling'ono. Ngati lalikulu lili ndi mano 40 pamene laling'ono lili ndi mano 10, laling'onolo limazungulira kanayi lalikulu likazungulira kamodzi. Motero kuyenda kwa pang'onopang'ono kwa sipuling'i kumasanduka liwiro la matayala. M'zidole zina muli kachitsulo kokupiza mphepo kamene kamaletsa mphamvu yonse kutuluka nthawi imodzi. Kuti mkono wa kamunthu ukwere ndi kutsika, amisiri amalumikiza kandodo pambali pa gudumu. Aliyense amene adayang'anapo pansi pa makina opondera a telala wa pakhonde la sitolo adaiona kale nzeru imeneyi.

Nzeru ya sipuling'i idayambira m'mawotchi. Amisiri a ku Ulaya adayamba kuigwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1400, ndipo cha m'ma 1510 Peter Henlein wa mumzinda wa Nuremberg ku Germany adatchuka popanga timawotchi tonyamula. Galamafoni imene achikulire ankavinira pa ukwati inkayenda ndi nzeru yomweyi, chimodzimodzinso wotchi ya belu imene inkadzutsa aphunzitsi m'mawa. Ngakhale m'zaka za m'ma 1990, Mngelezi wina dzina lake Trevor Baylis adapanga wailesi yopukusa yosafuna mabatire, ndipo idayamba kupangidwa ku Cape Town kuti ithandize anthu a kumidzi ya mu Africa. Tsono chidole cha kiyi ndi makina enieni, kungoti ndi aang'ono.

Thupi la chidole limapangidwa ndi chitsulo chopyapyala chokutidwa ndi mtundu wina wa chitsulo chotuwa chimene chimateteza dzimbiri, chofanana ndi cha zitini za nsomba ndi mkaka. Poyamba amisiri ankapaka utoto ndi manja, chidole chimodzichimodzi. Mu 1875 Robert Barclay wa ku London adatulukira njira yodindira zithunzi pachitini, ndipo zitatero mafakitale adayamba kudinda maso, mabatani, zitseko ndi mawindo chitsulo chisanadulidwe. Kenaka makina ankadula ndi kuumba zidutswazo, ndipo antchito, ambiri a iwo amayi, ankazilumikiza popinda timalilime tachitsulo m'timipata take. Njira imeneyi ndiyo idatsitsa mtengo kotero kuti mwana wa munthu wamba wa ku Ulaya akanatha kukhala nacho chake.

MAINA AMENE OSONKHANITSA AMAWADZIWA

Likulu la ntchitoyi linali Germany, makamaka mzinda uja wa Nuremberg. Kampani ya abale a Bing, imene idayamba mu 1863 ndi malonda a ziwiya za kukhitchini, idakula mpaka kukhala yaikulu koposa zonse zopanga zidole padziko lapansi nkhondo ya 1914 isanayambe. Idagwa mu 1932 pa nthawi ya mavuto aakulu a zachuma. Kampani ya Märklin ya ku Göppingen idayamba mu 1859 ndipo idatchuka ndi sitima zapamtunda. Ernst Paul Lehmann adatsegula fakitale yake ku Brandenburg mu 1881, ndipo zidole zake zinali zopepuka ndi zoseketsa. Kampani ya Schuco idayamba mu 1912, ndipo kambalame kake kojompha kadagulidwa mamiliyoni ambiri. Ku France kunali Fernand Martin, ku America kunali Louis Marx amene adayamba mu 1919, pamene ku Liverpool Frank Hornby adatulutsa sitima zake za kiyi mu 1920.

Zidolezi ndi mboni za nthawi yake. Galimoto itangotulukira, chidole chake chidatulukanso. Ndege itauluka, ya chitini idatsatira. Zikusonyezanso momwe azungu a masiku amenewo ankawaonera anthu a mitundu ina. Lehmann adapanga timangolo tokokedwa ndi nthiwatiwa, woyendetsa wake munthu wakuda, n'kuzipatsa maina monga Africa, Kamerun ndi Zulu. Dziko la Cameroon lidakhala pansi pa Germany kuyambira 1884, ndipo mwana wa ku Berlin ankaphunzira za utsamunda akusewera pansi. Zidole zina za ku Ulaya ndi ku America zinkajambula anthu akuda monyoza ndithu. Wophunzira mbiri akaziona lero amapeza umboni umene mabuku a boma sadaulembe, pakuti maganizo amene akuluakulu amapatsa ana awo ndiwo amene iwo eni amawakhulupirira.

Nkhani imene ingamveke bwino kwa mwana wa ku Chiradzulu ndi ya ku Japan. Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, mizinda ya dzikolo inali mabwinja, ndipo chitsulo chinali chosowa. Mmisiri wina wa zidole, Matsuzo Kosuge, adayamba kutola zitini zimene asilikali a ku America ankataya atadya zam'kati. Adazitambasula, n'kupanga timagalimoto tofanana ndi jipi za asilikaliwo, toyenda ndi mphira. Kumapeto kwa chaka chomwecho timagalimototo tidagulitsidwa m'sitolo ina yaikulu ku Kyoto, ndipo anthu adatilimbirana. Kuchokera pa chiyambi chonyozeka chotero, Japan idadzakhala mtsogoleri wa zidole zachitini m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ndi makampani monga Masudaya, Nomura, Yonezawa ndi Bandai. M'mera mpoyamba. Chimene Kosuge adachita ndicho chimene mnyamata wa ku Njuli amachita akatola chitini kuseri kwa golosale.

CHIFUKWA CHAKE ZIDAKWERA MTENGO

Ufumu wa chitini udatha pulasitiki atafika. Pulasitiki ndi wotsika mtengo, sachita dzimbiri, ndipo sacheka zala. Maboma adayambanso kukhwimitsa malamulo oteteza ana ku nsonga zakuthwa ndi utoto wa poizoni; dziko la America lidakhazikitsa lamulo lotere mu 1969. Mabatire nawo adalanda malo a sipuling'i. Kampani ya Schuco idagwa mu 1976, ndipo ena ambiri adatseka kapena kusintha malonda. Popeza mwana sasunga chinthu, zidole zambiri zidaphwanyika, zidadyedwa ndi dzimbiri, kapena zidatayidwa posamuka. Zochepa zimene zidatsala ndizo zikufunidwa lero.

Osonkhanitsa amayang'ana zinthu zingapo asanatulutse ndalama. Amafuna kudziwa amene adapanga chidolecho, chaka chake, ndi kuchuluka kwa zinzake zimene zidakalipo. Amaona ngati utoto uli woyambirira, ngati makina akuyendabe, ndiponso ngati bokosi lake lilipo, pakuti nthawi zina bokosi lokha limakweza mtengo kwambiri. Chizindikiro cha kampani chimathandiza, monganso mawu osonyeza dziko. Chidole cholembedwa kuti Made in Occupied Japan chidapangidwa pakati pa 1947 ndi 1952, pamene cholembedwa kuti U.S. Zone Germany ndi cha zaka zoyambirira nkhondo itatha. Chidole china chosowa cha kampani ya Masudaya, chotchedwa Machine Man, choyendera mabatire, chidagulidwapo ku America pa mtengo woposa madola 100,000.

Koma ndalama si mutu weniweni wa nkhaniyi. Mayi wina wa ku Germany, Lydia Bayer, pamodzi ndi mwamuna wake Paul, adayamba kusonkhanitsa zidole pa nthawi imene anthu ankaziona ngati zinyalala. Zimene adasunga ndizo zidakhala maziko a nyumba yosungiramo zidole ya mzinda wa Nuremberg, imene idatsegulidwa mu 1971. Ku Yokohama, Teruhisa Kitahara adatsegula nyumba ya zidole zachitini mu 1986 atazitola kwa zaka zambiri. Onsewa adayamba okha, ndi zinthu zimene anzawo ankataya. Akadadikira kuti zidolezo ziyambe zatchuka, sakadapeza kanthu.

MMENE ZINALILI KUNO

M'masiku a Nyasaland zidole zogula zinali za ana a azungu a ku Zomba, ku Blantyre ndi a m'maesiteti, ndi ana a amalonda. Katundu wa kunja ankapezeka m'masitolo a Mandala, Kandodo ndi a amwenye. Bambo wa ku Magomero amene ankagwira thangata pa esiteti ya A. L. Bruce, ndipo ankasakasaka ndalama ya msonkho, sakanaganiza zogulira mwana sitima ya kiyi. Njira ina imene zinthu zachilendo zinkalowera m'mudzi inali ya amatchona ndi anthu a Wenela. Pobwerera kuchokera ku Johannesburg kapena ku Salisbury ankadza ndi mabokosi achitsulo odzaza mabulangete, nsalu, wotchi ndi galamafoni, ndipo bambo wokonda ana sankaiwala kamphatso ka mwana. Ulendo wa Wenela udaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi ambiri amene ankabwerera kwawo. Mabokosi a masiku amenewo ena adakalipo pansi pa mabedi a agogo.

Amene angapeze chidole chachitini m'bokosi lotero achite nacho modekha. Asachikweche ndi mchenga kapena phulusa monga poto, asachipake utoto watsopano, ndipo asakakamize kiyi ngati walimba, chifukwa sipuling'i yakale imaduka msanga. Achipukute ndi kansalu kouma n'kuchiika pamalo opanda chinyontho. Asachipereke kwa mwana wakhanda, popeza utoto wina wakale uli ndi poizoni. Asafulumirenso kugulitsa kwa munthu wodutsa, ndiponso asayembekeze chuma, chifukwa mafakitale ena a ku China ndi ku India amapanga zatsopano zooneka ngati zakale. Choyamba kuchita ndi kufunsa agogo kuti chidabwera ndi yani, kuchokera kuti, chaka chiti. Yankho lawo ndilo mtengo wake weniweni m'banjamo.

Ana ambiri amene sadagulidwe kanthu sadakhale manja lende. Atsikana ankapita kumasanje ndi timiphika tadongo, atabereka chitsononkho kumsana. Anyamata ankaumba ng'ombe zadongo kudambo, n'kupanga timagalimoto ndi magalasi a m'maso a mapesi. Waya ndi zitini zitayamba kupezeka, luso lomwelo lidasamukira ku chitsulo. Dzina lenileni la galimoto lili ndi mbiri yake: gari ndi mawu a Chiswahili otanthauza ngolo, ndipo kuphatikiza ndi moto kudabala dzina la ngolo yoyenda ndi moto. Mwana adatenga chinthu chachilendo chimenechi, n'kuchichepetsa kuti chikwane m'manja mwake.

KAPANGIDWE KA GALIMOTO YAWAYA

Ntchito imayamba ndi kusaka zipangizo. Pamafunika waya wokhuthala wa mafupa a galimoto, ndi waya wofewa womangira mfundo. Pamafunikanso malegeni odulidwa ku chubu chakutha cha njinga, zitini za polishi kapena zitsekerero za mabotolo zopangira matayala, ndi bango kapena waya wautali wa chiwongolero. Mmisiri wamng'onoyo amawongola waya pamwala, n'kumupinda ndi manja kapena pulayala yobwereka. Akasowa chodulira amapinda wayayo uku ndi uku pamalo amodzi mpaka atatentha n'kuduka. Alibe pepala la mapulani. Muyeso wake ndi chala ndi diso, komabe mbali ya kumanja imafanana ndi ya kumanzere.

Povuta penipeni ndi pa matayala a kutsogolo. Chiwongolero chimene chimafika m'chiuno mwa woyendetsa chiyenera kulumikizidwa kotero kuti akachipotoza, matayala onse awiri akhotere mbali imodzi. Anyamata aluso amaika kandodo kolumikiza matayalawo, monga momwe zilili m'galimoto yeniyeni. Ena amapinda waya kuti galimoto izinyang'ama podutsa pa miyala, ena amaika zitseko zotseguka, ena mababu a tochi ndi mabatire akutha amene awaumika padzuwa. Palinso aja amene amapanga munthu wopalasa njinga kapena mbalame yokupiza mapiko. Apa ekiselo imapindidwa pakati, ndipo ikamazungulira imakweza ndi kutsitsa miyendo kapena mapiko. Imeneyi ndi nzeru yomwe ija ya m'zidole za Lehmann. Chimene chikusowa ndi sipuling'i yokha, ndipo m'malo mwake muli miyendo ya mwini galimoto.

Monga zidole za ku Nuremberg, galimoto zawaya nazo zimatsata nthawi. Mwana amapanga chimene chimadutsa pamsewu wa kwawo. Amene adakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ankapanga mabasi a United Transport, malole a ADMARC ndi Land Rover ya boma. Maminibasi atachuluka m'zaka za m'ma 1990, iwonso adalowa m'manja mwa ana, ndipo pambuyo pake padabwera njinga zamoto za kabaza. Pakadakhala munthu wosunga galimoto imodzi pa zaka zisanu zilizonse kuchokera pamsika wa Namadzi, bwenzi lero pali mbiri ya mtengatenga wa chigawo chonsecho, yolembedwa ndi waya.

Anthu akunja adaliona kale lusoli. Karen Lynn Williams, mayi wa ku America amene adakhalapo m'Malawi, adalemba buku la ana lotchedwa Galimoto, limene lidatuluka mu 1990 ndi zithunzi za Catherine Stock. Limasimba za mnyamata wotchedwa Kondi amene akusaka waya kuti apange galimoto yake, ndipo lawerengedwa m'sukulu zambiri za ku America, kotero kuti ana a kumeneko amalidziwa liwu la Chichewali. Alendo amagula zidole zawaya m'misika ya ziboliboli, ndipo zina za m'maiko a mu Africa zili m'nyumba zosungiramo zinthu ku Ulaya ndi ku America. Kawirikawiri zikafika kumeneko zimakhala zopanda dzina la wozipanga. Chidole cha ku Germany chimadziwika ndi fakitale yake, pamene cha kuno chimangotchedwa cha mwana wa ku Africa.

Lusoli lili pa ngozi. Zidole zapulasitiki zotsika mtengo zadzaza m'misika, zina zimabwera m'mabelo a kaunjika, ndipo foni ya m'manja yatenga maola amene ana ankathera pamwala wowongolera waya. Zitsulo zakutha nazo zidasanduka malonda, motero waya amene kale ankangotoledwa tsopano ali ndi mwini. Luso lotere silikhala m'buku. Limachoka kwa mkulu kupita kwa mng'ono wake, ndipo m'badwo umodzi ukangodumphidwa, limazima ngati moto wa mapesi. Kutayika kwake n'kwakukulu kuposa momwe kukuonekera, chifukwa pamenepa ndi pamene ambiri amayambira kuganiza ngati amisiri. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene adapanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola ali mnyamata wosiyira sukulu panjira, ndi chitsanzo cha kumene manja ozolowera kutola ndi kulumikiza angafike. Mbiri yake idatuluka m'buku mu 2009 ndi m'kanema mu 2019.

CHIRADZULU IDZIWA KUFUNIKA KWA KUSUNGA

Boma lino ladziwa kale kuwawa kwa kutaya zinthu ndi phindu la kuzisunga. John Chilembwe adakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, ndipo dzina lenilenilo likusonyeza kuti ankafuna kuti ntchito zamanja ziyende pamodzi ndi kuwerenga. Tchalitchi chake chachikulu cha njerwa chidaphwasulidwa ndi boma la atsamunda pambuyo pa kuukira kwa mu January 1915. Maonekedwe ake akudziwika lero chifukwa cha zithunzi zimene anthu ena adasunga. Makalata ndi zithunzi zotsala ndizo zidathandiza George Shepperson ndi Thomas Price kulemba buku la Independent African mu 1958. Landeg White naye, polemba mbiri ya Magomero imene idatuluka mu 1987, adadalira mapepala akale ndi zimene achikulire a m'midzi adamuuza. Mbiri yotere imanena zambiri za mafumu, abusa ndi eni maesiteti. Ana amaonekamo mwa apo ndi apo, chonsecho m'boma la anthu oposa 350,000, monga adawerengera mu 2018, ana ndi gawo lalikulu ndithu.

Apa ndi pamene mphunzitsi ndi wophunzira amene wangomaliza sukulu ali ndi mwayi umene osonkhanitsa a kunja alibe. Zinthu zimene iwo angasunge sizifuna madola. Sukulu ingayambe ndi shelefu imodzi m'chipinda cha mabuku ndi kope limodzi lachikuto cholimba. Chidole chilichonse chipatsidwe nambala, ndipo m'kope mulembedwe dzina la wochipanga, zaka zake, mudzi wake, mfumu yake yaikulu, kaya ndi Kadewere, Likoswe, Mpama, Nkalo kapena Chitera, tsiku limene adachipanga, zipangizo zimene adagwiritsa ntchito, ndi galimoto imene ankatsanzira. Mawu amene anawo amatchulira ziwalo za galimotoyo alembedwenso monga momwe akuwatchulira, pakuti ndi chuma cha chiyankhulo. Chidolecho chisalandidwe. Mwini wake avomere, makolo adziwe, ndipo ngati n'kotheka apatsidwe kangachepe kapena waya wina.

Achikulire nawo afunsidwe asanapite. Bambo wa zaka 70 angathe kupanganso galimoto ya mapesi ya ubwana wake ngati wina atamupempha mwaulemu, ndipo gogo wamkazi angathe kuumba timiphika ta masanje n'kufotokoza malamulo ake. Safunsa adadya phula. Osula zitini a pamsika, amene amapanga makoloboyi, ndowa ndi mbaula, ndi abale a ntchito yomweyi, ndipo koloboyi mmodzi ayenera kukhala pa shelefupo nyali za dzuwa zisanamuiwalitse. Chinthu chilichonse chijambulidwe, ndipo zolembedwazo zikhale pawiri, m'malo osiyana. Namondwe wa Freddy, amene adagumula mapiri ndi kukokolola midzi m'boma lino mu March 2023, adasonyeza mwa njira yowawa kuti zimene zili m'nyumba imodzi zingathe kutha usiku umodzi.

Phindu la shelefu yotere limayamba tsiku lomwelo. Mphunzitsi wa sayansi amapezapo zitsanzo za gudumu ndi ekiselo, za mphamvu yosungidwa, ndi za kukhuzana kwa zinthu. Wotchi yakale yakufa itatsegulidwa pamaso pa kalasi imaphunzitsa magiya kuposa chithunzi cha pabolodi. Mphunzitsi wa masamu angafunse kuti tayala la chitini cha polishi lizungulira kangati pa mtunda wa mamita 10. Wa mbiri amaphunzitsirapo kusiyanitsa umboni ndi mphekesera, ndipo wa Chichewa amapeza mitu ya chimangirizo. Wophunzira amene amavutika ndi mayeso, koma manja ake ndi aluso, amaona kwa nthawi yoyamba dzina lake litalembedwa pamalo aulemu. Sukulu zingapo zitachita zimenezi, zingathe kuonetsa zinthu zawo pamodzi kamodzi pachaka, n'kuitana akatswiri a nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, kapena aphunzitsi a ku yunivesite ya Katolika ya ku Nguludi, imene idatsegulidwa mu 2006 m'boma lomwe lino.

Palibe angalonjeze kuti galimoto yawaya idzagulidwa madola zikwizikwi, ndipo amene angayambe ntchitoyi pofuna kulemera adzagwa mphwayi msanga. Cholinga chake ndi chakuti m'chaka cha 2075 mdzukulu adzathe kulowa m'chipinda cha sukulu ya kwawo, n'kuona minibasi yawaya ili pa shelefu, pansi pake palembedwa dzina la agogo ake, mudzi wawo, ndi kuti adaipanga ali ndi zaka 11. Lydia Bayer adayamba ndi zidole zochepa m'nyumba mwake, Kosuge ndi zitini za kudzala. Chimene chikufunika ku Chiradzulu ndi mphunzitsi mmodzi pa sukulu iliyonse amene adzagule kope, n'kuitana ana kuti Lolemba lotsatira aliyense abwere ndi galimoto yake.